Msoko Wachiwiri pa Wilo ya Bambo

1. Loko pa Chitseko

Patatha masabata atatu chiikireni maliro a bambo ake, Kasingano adafika pakhomo pa shopu yosokeramo zovala atanyamula envulopu yakhaki. Dzinali adamupatsa ndi malemu bambo akewo, telala wodziwika mumsewu wonsewo, chifukwa mtsikanayo adali wochepa thupi koma wolowa paliponse. Adali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Mayi ake adamwalira kalekale, ndipo pakhomo adatsala ndi mng'ono wake wa kusekondale pamodzi ndi azakhali awo.

Pachitseko cha shopu padalendewera loko watsopano, wamkulu ngati chibakera. Pabenchi ya pakhonde padakhala bambo ake aang'ono, dalaivala wa malole, akuzunguza kiyi pachala. Iwowa ndiwo adakhoma lokoyo pa tsiku lenileni la maliro. Atelala awiri a m'shopumo adangoti zyoli pambali, pakuti chiyambire tsikulo sadagwirepo singano.

"Mwaswera bwanji, bambo aang'ono? Ndabwera kudzatsekula shopu. Wilo ya bambo ndi iyi, ndipo analemba kuti woyendetsa chuma chawo chamasiye ndine."

Bambo aang'ono adaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe? Dzulodzuloli ndimakupukuta mamina, lero ukundiwerengera mapepala? Ine ndi malemu tinayamwa bere limodzi. Makina ali m'katimu ndawapezera kale wogula. Pita ukatsuke mbale, mwana wanga."

Kasingano adatembenukira kwa atelala aja nati, "Mmodzi wa inu andibwerekere hamala kwa akalipentala."

"Hamala ya chiyani?"

Adafunsawo adali aphunzitsi opuma a nyumba yoyandikana ndi shopuyo. Iwo adali mmodzi mwa mboni ziwiri zimene zidasaina wiloyo, ndipo ndiwo adaisunga m'bokosi lawo kufikira sabata yomweyo pamene adaipereka kwa mtsikanayo. Adatsamira ndodo yawo nayankhula pang'onopang'ono, monga ankachitira m'kalasi.

"Tamvera, mwana wanga. Wilo ndi mawu a munthu amene sangayankhenso mafunso. N'chifukwa chake dziko silithamangira kuikhulupirira. Bambo ako adakusankha, zimenezo n'zoona, ine ndidalipo. Koma kusankhidwa ndi kwina, kupatsidwa mphamvu ndi kwinanso. Uyenera kupita nayo wiloyi kukhoti, pamodzi ndi chikalata cha imfa ndi mndandanda wa katundu amene malemu asiya. Kumeneko ukalumbira kuti udzachita zonse mokhulupirika. Akakhoma chidziwitso kuti wotsutsa atsutse. Akakhutira kuti wiloyi ndi yeniyeni ndiponso yomaliza, woweruza adzakupatsa kalata ya chidindo. Kalata imeneyo ndiyo imatsekula zitseko, osati hamala. Ukathyola loko lero, anthu sadzaona woyendetsa chuma. Adzaona mwana wamwano wanyundo m'manja."

Kenaka adaloza bambo aang'ono ndi ndodo ija.

"Nanunso achimwene, musasekerere. Kiyi muli naye, koma mphamvu mulibe. Simungagulitse ngakhale batani limodzi la m'shopumu."

"Tikaonana kukhoti komweko," adatero bambo aang'ono akuponya kiyi m'thumba. "Pepalalo likagwa, woyang'anira chuma cha mkulu wanga ndine."

Choncho nkhani idaima poyera. Wilo ikavomerezedwa, shopu itsekulidwa ndipo ana amasiyewo akhala ndi podalira. Ikakanidwa, makina apita.

2. Ulusi Wofiira

Wilo ya malemu idali ya masamba atatu. Anthu ena amalumikiza mapepala otere ndi kawaya, koma telala ndi telala. Iwo adawasoka m'mbali ndi ulusi wofiira pa makina awo akale opalasa ndi phazi, amene ankawatcha Nkhalamba. Makinawa adali ndi khalidwe lawolawo. Ankasoka utali wa chala n'kudumpha pang'ono, kusokanso n'kudumphanso. Malemu ankati Nkhalamba ikupuma, ndipo sadalole mmisiri aliyense kuikonza. Pa tsamba lachitatu la wilo adalemba kuti Nkhalambayo idzakhale ya mwana wawo wamng'ono.

Aphunzitsi adauza Kasingano kuti kukhoti amafuna wilo yeniyeniyo ndi makope ake awiri. M'mawa mwake iye adapita kwa mnyamata wa fotokope wa pafupi ndi siteshoni ya basi.

"Asisi, iyi ndi wilo kapena siketi?" adafunsa wafotokopeyo akuitembenuza. "Mapepala osoka sayenda m'makina anga. Ndikawapinda, zilembo za m'mbalizi sizituluka."

Kwa mwana wa telala, msoko si chinthu choopsa. Kasingano adaphwasula misoko yosawerengeka chiyambire ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Adatulutsa lezala m'chikwama, nadula mfundo, nasolola ulusi wonse bwinobwino osang'amba pepala. Makope atatuluka adabwerera kunyumba, napeza ulusi wofiira wofanana ndi woyamba uja, nasokanso masambawo pa makina ake a pamanja.

Msoko wake udali wowongoka, wopanda mpata ndi umodzi womwe. Adauyang'ana namwetulira, poganiza kuti waposa bambo ake.

Ana inu, luso ndi chinthu chabwino, koma luso losafunsa ndi dzenje. Nyumba ya aphunzitsi idali pafupi, ndipo funso limodzi likadakwanira. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

3. Pawindo la Akalaliki

Ofesi ya chuma chamasiye idali kumapeto kwa khonde lalitali la khoti. M'katimo mudali mabenchi atatu, windo lazitsulo, ndi mashelefu odzaza mafailo omanga ndi zingwe. Kasingano adapita ndi azakhali ake. Adadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo.

Kuseri kwa windolo kudakhala akalaliki, mayi wa imvi wovala magalasi olendewera pa kachingwe. Adalandira chikalata cha imfa nachiika pambali. Adalandira mndandanda wa katundu nagwedeza mutu. Koma atalandira wilo sadaiwerenge. Adayamba ayendetsa chala m'mbali mwake, kenaka adaikweza kuloza kuwala.

"Mtsikana iwe, apa pali mizere iwiri ya timabowo ta singano, koma ulusi ndi umodzi. Wiloyi inaphwasulidwapo. Ndani anachita zimenezi, ndipo liti?"

Kasingano adatsekula pakamwa, koma akalaliki adakweza dzanja.

"Usandiyankhe msanga. Zimene undiuze ndizilemba, ndipo uzilumbirira. Kakhale pabenchi apo, ndithandize kaye bambo ali kumbuyo kwakowa."

Pabenchipo azakhali adamugwira pamkono namunong'oneza mwamphamvu.

"Unene kuti unaipeza choncho. Wamva? Mlongo wanga uja ankasoka n'kuphwasula tsiku lonse. Akafunsa ndani, manda? Ukangovomera, wampatsa mpeni wamalole uja. Akanena kuti unasintha masamba, ndiye iwe ndi mng'ono wako mudzadya chiyani, ulusi?"

"Azakhali, ndilumbire bodza?"

"Bodza lanji? Wabera ndani? Palibe chimene unasintha. Kabodza kopulumutsa ana amasiye ngakhale Mulungu amakayang'ana ndi diso limodzi."

Azakhaliwo sadali munthu woipa. Ankawakonda anawo, ndipo mantha ndiwo ankayankhula. Koma malangizo oipa ochokera kwa munthu wokukonda ndiwo oopsa koposa, chifukwa amalowa osagogoda.

Kasingano adayang'ana manja ake. Kenaka adaimirira.

"Azakhali, bambo ankati ukawotcha nsalu ya kasitomala ndi simbi, umuuze asanaione yekha."

Adabwerera pawindo paja nayankhula momveka, moti onse a pamabenchi adamva.

"Mayi, ndinaphwasula ndine, dzana, pofuna kuchita fotokope. Ndinasokanso ndine. Sindinafunse munthu. Sindinachotse tsamba, sindinawonjezere tsamba."

Azakhali adagwira kumutu. Akalaliki adavula magalasi namuyang'ana nthawi yaitali.

"Zaka makumi atatu ndakhala pawindo lino," adatero. "Ndaona mawilo ong'ambika, onyowa, odyedwa ndi makoswe, koma wosoka pa makina ndayamba lero. Tsopano mvetsetsa. Wilo siiphwasulidwa, siibooledwa, siimatidwa kanthu, ngakhale kapini. Mwini wake anapita, ndiye pepalalo limadziyankhulira lokha. Bowo lililonse limafunsa funso: kodi apa panali tsamba lina? Kodi lachotsedwa? Walakwitsa, ndipo kulakwitsa kwakoku kukuchedwetsa. Ulemba kalata yolumbira yofotokoza zonse, tsiku lake, malo ake, lezala yake. Kalatayo ikhala m'failo, ndipo aliyense wokhudzidwa ndi chumachi ali ndi ufulu woiwerenga. Sindikunamiza, ikhoza kukutembenukira. Koma ndikuuze chinanso. Ntchito imene ukupemphayi ndi yogwira zinthu za anthu ena popanda wokuyang'anira tsiku ndi tsiku. Khoti silifunafuna munthu wosalakwa, pakuti woteroyo kulibe. Limafuna munthu amene akalakwa amanena. Tenga cholembera."

Kasingano adalemba, nalumbira, nasaina.

4. Masiku Odikira

Chidziwitso chidakhomedwa pa bolodi la khoti. Sipadathe sabata, bambo aang'ono adapita kukawerenga failo, ndipo adatulukamo akuimba mluzu. Tsiku lomwelo adapereka chitsutso chawo. Adati mtsikanayo adachotsa tsamba lachiwiri, limene lidatchula woyendetsa chuma, naikapo lake.

Mbiri idayenda mumsewu monse ngati moto wa m'chilimwe. Amayi a pampopi ankasiya kucheza iye akamadutsa. Wogulitsa nsalu, amene kale ankamuitana kuti mwana wa bwana, adayamba kuyang'ana kumbali. Azakhali adakhala masiku anayi osamuyankhula, kupatula kunena kuti, "Chilungamo chakocho uphike tidye."

Mng'ono wake adabwera kuchokera kusukulu maso ali ofiira.

"Akulu, anzanga akuti ndinu wakuba."

"Iwe ukuti bwanji?"

"Ine ndinawauza kuti simungathe n'komwe kubisa shuga."

Kasingano adaseka koyamba chimwalirireni bambo ake. M'masabata amenewo sadapite kukakangana ndi munthu, ndipo pashopu sadapondepo. Ankasoka mayunifolomu pa makina ake a pamanja, nadikira tsiku lake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

5. Pamaso pa Woweruza

Mlanduwo udamvedwa m'chipinda chaching'ono cha tebulo lalitali ndi windo limodzi lalikulu. Woweruza adali bambo wodekha, wosakonda mawu ambiri. Bambo aang'ono adabwera atavala jekete la malemu, limene manja ake adalekezera pamwamba pa wotchi yawo.

Oyamba kuyankhula adali iwowo.

"Bwana, ine sindinapite patali ndi sukulu, koma galimoto ikabwera ndi mabawuti omasula ndimadziwa kuti wina wasintha tayala. Mwanayu wavomera yekha kuti anamasula. Mkulu wanga sakanasiya mwamuna wandevu ngati ine n'kusankha kamtsikana."

Woweruza adaitana aphunzitsi. Iwo adatsimikiza kuti adaona malemu akusaina ali ndi nzeru zawo zonse, kuti iwo ndi namwino wina adasaina pa tsamba lomaliza, ndiponso kuti envulopuyo idakhala m'bokosi lawo kufikira maliro atapita.

"Nanga tsamba lachiwirili mukulidziwa?" adafunsa woweruza.

"Bwana, sindinganame. Mboni imaona kusaina, siiwerenga za m'kati. Tsamba limenelo sindinaliwerenge."

Bambo aang'ono adawomba m'manja kamodzi. Azakhali adaweramitsa mutu.

"Mtsikana, uli ndi mawu?"

Kasingano adaimirira. "Bwana, zimene ndinalakwitsa ndinalemba kale, sindizibweza. Ndikupempha chinthu chimodzi. Akalaliki agwire masamba atatuwo pamodzi, awakweze pawindopo."

Woweruza adavomera. Akalaliki adakweza wiloyo, ndipo woweruza mwini adanyamuka kukaima pambali pawo.

"Mzere umene uli ndi ulusiwo ndi wanga," adatero Kasingano. "Onani winawo, wopanda ulusi. Ukuyenda utali wa chala n'kudumpha, kuyendanso n'kudumphanso. Amasoka choncho ndi makina amodzi okha, a bambo, otchedwa Nkhalamba. Dzuwa likudutsa m'timabowo timeneto kuchokera tsamba loyamba mpaka lachitatu, ndipo podumpha masamba onse adumphira pamodzi. Singano imodzi inaboola onse atatu nthawi imodzi. Tsamba lachiwiri likanakhala langa, likanakhala ndi mzere umodzi wokha."

Woweruza adayang'anitsitsa. Timadontho ta kuwala tidandandalika m'mbali mwa pepala, ndi mipata yake yomwe.

Bambo aang'ono adadzambatuka. "Aaa, bwana, ameneyu ndi mwana wa telala! Akanatha kusoka tsamba lakelo pa Nkhalamba yomweyo!"

"Bambo aang'ono," adayankha Kasingano mwaulemu, "wiloyi ndinailandira maliro atapita. Nkhalamba ili m'shopu. Loko munakhoma ndinu tsiku la maliro, ndipo kiyi ali m'thumba mwanumo."

Wina adaseka kumbuyo. Adali azakhali.

Woweruza adabwerera pampando. "Bambo, kodi n'zoona kuti kiyi wakhala ndi inu masiku onsewa?"

"N'zoona, bwana."

"Ndipo makinawo ali m'shopumo?"

Bambo aang'ono adapukuta thukuta ndi dzanja la jekete. "Ali... ali momwemo, bwana."

Woweruza adalemba kwa kanthawi, kenaka adakweza maso.

"Ndakhutira kuti iyi ndi wilo yeniyeni ya malemu, yathunthu. Chitsutso chakanidwa. Mtsikana, ukanauza akalaliki kuti unaipeza choncho, msoko wowongokawu ukanakutsutsa, pakuti aliyense wa m'shopu ya bambo ako akanadziwa kuti si wa makina awo. Pamenepo sindikanakhulupiriranso mawu ako ena onse. Wapulumuka chifukwa unanena zoona nthawi imene zoonazo zinkaoneka ngati zikupweteka. Tsopano mvera. Kalata imene ndikupatse siikusandutsa mwini chuma. Ikusandutsa wantchito wa malemu. Usonkhanitse katundu yense, umusamale, ukonze zonse zimene malemu anasiya zosatha, kenaka upereke kwa aliyense chimene wilo yanena, ngakhale kwa amene wakunyoza. Chikasowa chinthu, khoti lino lidzafunsa iwe."

6. Kalata ya Chidindo

Patapita masiku asanu Kasingano adakatenga kalatayo. Idali pepala limodzi lolimba, lokhala ndi dzina la bambo ake, dzina lake, ndi chidindo chofiira chotukuka chimene chinkamveka ndi chala. Kumbuyo kwake adamangirirako kope ya wilo.

"Iyi usaisoke," adatero akalaliki osamwetulira. Koma mtsikanayo atatembenuka, adamva akuuza mnzawo wa pambali kuti, "Mwana uyu analeredwa."

Azakhali ndiwo adanyamula envulopu mumsewu, ataikweza pachifuwa kuti aliyense aione. Pampopi adaima dala.

"Mwaswera bwanji amayi? Tikuchokera kukhoti ndi wakuba wathu uja. Amupatsa chidindo!"

Pashopu adapeza aphunzitsi, atelala awiri aja, ndi mng'ono wake atavala yunifolomu. Lole ya bambo aang'ono idaima patsidya pa msewu injini ikulira. Kasingano adawoloka, napereka moni, nawaonetsa kalatayo ndi manja awiri. Iwo sadatsike, ndipo sadaiwerenge. Adangoponya kiyi pawindo, nathamangitsa lole.

Kasingano adatola kiyiyo m'fumbi. Aphunzitsi adavula chipewa.

"Tsekula, mwana wanga. Lero sukufuna hamala."

Loko adatseguka. M'katimo mudanunkha mafuta a makina ndi nsalu zatsopano. Tepi ya malemu idali chilendewerere pa msomali, sizasi yawo yaikulu ili pa tebulo lodulirapo. Atelala adathamangira pa makina awo nayamba kuwapukuta ngati ana obwera kutchuthi. Kasingano adatulutsa mndandanda wake nayamba kuchonga chimodzichimodzi: makina amagetsi awiri, tebulo, simbi, galasi lalitali.

"Akulu," adaitana mng'ono wake kuchokera pakona ya kuwindo. "Nkhalamba ili kuti?"

Onse adatembenuka. Pamalo pamene makina akalewo adaima zaka zonse padali poyera. Pasimenti padatsala timalo tinayi topanda fumbi, pamene padali miyendo yake, ndi mikwasa iwiri yolowera ku chitseko cha kumbuyo.

Azakhali adayamba kukuwa. Mmodzi wa atelala adati akaitane anyamata a pamsika akaithamangire loleyo. Kasingano adakweza dzanja, monga adachitira akalaliki tsiku lija, ndipo onse adakhala chete.

Adatenga choko cha bambo ake pa tebulo, nagwada, nazunguliza timalo tinayi tija kuti munthu asapondepo. Adapempha aphunzitsi kuti alembe zimene aona ndi kusaina. Kenaka adapukuta misozi ya mng'ono wake ndi chala.

"Usalire. Tsamba lachitatu likuti Nkhalamba ndi yako, ndipo khoti landituma kuti ndiipereke m'manja mwako."

Adaika kalata ya chidindo m'chikwama, natseka zipi, nafunsa atelala aja modekha:

"Kodi lole ya bambo aang'ono imagona kuti masiku ano?"